Nyumba Yotchipa ya Kutsidya kwa Mlatho

Kalaliki anakulira m'nyumba imene munthu sankagona asanapemphere. Bambo ake anali mkulu wa mpingo, munthu wa mawu ochepa, ndipo mayi ake ndiwo ankalankhulira onse awiri. Dzina la Kalaliki analitenga ali wamng'ono chifukwa ankakonda kupachika cholembera kukhutu asanadziwe n'komwe kulemba. Atakula n'kupezadi ntchito ya ukalaliki pa sitolo yogulitsa simenti ndi malata, anthu anati Mulungu wangovomereza. Anakwatira mtsikana wa m'kwaya, wofatsa ndi waukhondo, ndipo ankakhala m'zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya makolo. Anali ndi mwana wamkazi wongoyamba kuyenda, wina ali m'njira.

Eni sitolo atatsegula nthambi mumzinda waukulu, anasankha Kalaliki kuti akagwire kumeneko, n'kumuonjezera ndalama ya lendi pamwamba pa malipiro. Anagwirizana kuti atsogole yekha akapeze nyumba, banja limutsatire.

Tsiku lonyamuka, bambo ake anamuperekeza mpaka pageti.

"Nyumba yotchipa si tchimo," anatero. "Ife ndi mayi ako tinayambira m'chipinda chimodzi. Koma usakayang'ane mtengo wokha. Ukaone kumene azikatunga madzi, ukaone kuti chipatala chili pati, ndipo iweyo poweruka uzikafika mwana asanagone."

Mayi ake sanazungulire. "Mkazi wakoyu ndi wapakati. Ndi mwana wa eni ake ameneyu, usakamuike kumene akafuula azikamvedwa ndi agalu okha. Komanso m'tauni zoona n'zambiri, mwanawe. Maso akowo ukawagwire."

Kalaliki anaseka. "Mayi, mukundiona ngati ndikupita ku nkhondo."

"Ukupita kumene kulibe wokudziwa. N'chimodzimodzi."

Sabata yoyamba yomweyo anapeza nyumba yabwino. Inali ya zipinda ziwiri, mpopi uli pabwalo, chipatala chili tsidya lina la msewu, ndipo ku ntchito ankatha kuyenda wapansi. Eni ake anali mayi achikulire amene ankangofuna anthu osasokosa. Mtengo wake unkamaliza ndalama yonse ya lendi ija, koma unkakwanira. Kalaliki analonjeza kuti abwera kudzalipira mwezi ukatha.

Pa sitolopo panali dalaivala wa lole amene anzake ankamutcha Adyeretu, chifukwa malipiro ake ankatha asanawalandire. Atamva za nyumbayo anagwira pakamwa.

"Ndalama yonseyo kuimwaza pa makoma? Makoma adzakuthokoza, achimwene? Tiye ukamete kaye, mutu upepuke, uganize bwino."

Anapita naye kokametetsa kuseri kwa msika. Wometayo anali mkazi, woseka ndi maso, ndipo zala zake zinkachedwa pakhosi pa munthu kuposa mmene kumeta kumafunira.

"Mutu wabwino chonchi amausamala ndani?" anafunsa.

"Ndili pabanja," Kalaliki anayankha.

"Ndafunsa za mutu, sindinafunse za banja."

Tsitsi lisanamere n'komwe, Kalaliki anali atabwerera kawiri. Ulendo wachitatu anamupeza mkaziyo ali ndwii, akuti eni nyumba akumuthamangitsa, alibe pogwira. Misozi yake inamukhala Kalaliki pamtima tsiku lonse.

Adyeretu ndiye anamasula mfundo. "Kutsidya kwa mlatho nyumba n'zotchipa ngati masamba. Theka la ndalama yakoyo basi. Madamu ukawaike kumeneko, kuli kamphepo kabwino. Theka linalo uthandizire wovutikayu. Ndipo ndikuuze nzeru yaulere: mkazi wa m'nyumba ndi wa panjira asamagule tomato pa msika umodzi."

Kalaliki anapita kukaiona. Anakwera minibasi mpaka siteji yomaliza, anayenda wapansi, anawoloka mlatho wa matabwa pa khwawa lakuya, n'kukwera chitunda. Nyumbayo inali ya njerwa zosapaka pulasitala, itaima pakati pa nyumba zina zosatha zimene munamera udzu. Munthu woyandikana naye anali mlonda wa imodzi mwa nyumbazo, ndi mkazi wake. Madzi anali a pachitsime kumunsi kwa chitunda. Atafunsa za chipatala, mlondayo analoza kumene Kalaliki anachokera.

Mawu a bambo ake anamubwerera onse. Anaima pakhomopo kanthawi, akukanda m'mutu momwe munali mosalala. Kenako anatulutsa ndalama n'kulipira.

Tsiku losamuka, lole inathera pa mlatho. Bedi, matiresi ndi mapoto anachita kusenza pamutu. Mkazi wake anafika pamwamba pa chitunda akupuma movutikira, dzanja lili m'chiuno. Anayang'ana uku ndi uku.

"Abambo ake, nanga chipatala chili kuti?"

"Kodi wabwera kudzadwala? Zinthu m'tauni muno zadula. Iyi ndi imene tingakwanitse."

Mkaziyo anatenga tsache. Anasesa, anapachika makatani amene anasoka yekha, ndipo madzulo ake anathokoza Mulungu chifukwa cha denga. Kalaliki anati ameni maso ali pansi.

Poyamba ankagona kunja tsiku limodzi pa sabata, akuti minibasi zimatha msanga. Kenako anayamba kunena kuti akuwerenga katundu. Posakhalitsa ankangobwera Lamlungu, atanyamula kajumbo ka shuga ngati mlendo. Mkazi wake ankatsika chitunda ndi ndowa, mwana kumbuyo, mimba kutsogolo. Miyendo inayamba kutupa. Mwana uja anazolowera mlonda moti ankamuthamangira iyeyo, bambo ake akafika n'kumabisala kuseri kwa chitseko.

Mayi ake a Kalaliki anabwera kudzazonda osanena. Anawoloka mlatho uja akugwira mtima, anaona chitsime, anaona miyendo ya mpongozi wawo. Mwana wawo atafika Lamlungu anamuitanira kuseri kwa nyumba.

"Ndalama ya lendi imene unatiuza ija yathera pa chigoba chimenechi?"

"Mayi, za m'tauni simukuzidziwa."

"Za m'tauni sindizidziwa, koma iwe ndinakubala. Malaya akowa akununkhira sopo amene m'nyumba muno mulibe. Akukuchapira ndani?"

Kalaliki anayang'ana kumbali, mayi ake n'kupitiriza.

"Sindikufunsa dzina lake, lingandidetse m'kamwa. Ndikukuuza kuti mvula yayandikira, ndipo khwawa lija ndaliona. Mwina undipatse mwana wa eni akeyu akachirire kwathu, mwina umusamutse mwezi uno."

"Ndimusamutsa, mayi. Mwezi ukangotha."

"Ukunena pamaso pa Mulungu?"

"Pamaso pa Mulungu."

Mayiwo anabwerera chifukwa kunyumba anasiya bambo akudwala. Mawu awo anamulasa Kalaliki, ndipo mwezi utatha anadutsadi pa nyumba yoyamba ija. Mwamwayi, amene analowamo anali atangotuluka.

"Ilipo, bambo," anatero eni ake. "Mukafuna, makiyi ndi awa."

Kalaliki anati akatenge ndalama abwere. Koma ndalamayo anaidutsitsa kaye kuseri kwa msika, kuti akatsanzike bwinobwino ngati munthu. Wometa uja anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anakhala pamwendo pake.

"Ndiye mukunditaya? Chabwino, pitani. Ine ndinazolowera kutayidwa." Anapukuta m'maso. "Akazi anuwo masiku awo sanakwane. Mwezi umodzi wokha ungawaphe?"

Kalaliki anatuluka m'nyumbamo m'mawa mwake, m'thumba muli mbee.

Mvula inayamba. Lachisanu lina m'mawa, pamene ankavala nsapato, mkazi wake anamugwira mkono.

"Msana ukundipweteka modabwitsa. Lero mubwere, chonde."

"Masiku ako akadali kutali. Ukungoopa."

"Mubwere basi, abambo ake."

"Ndiona mmene ntchito ithere."

Sanabwere. Loweruka mvula inagwa kuyambira m'mawa osakata. Masana, ali chigonere kwa wometa uja, foni inalira. Anaona kuti ndi mkazi wake. Inaliranso, kenako inalira nambala yachilendo. Wometayo anaitola n'kuizimitsa.

"Lero ndinu anga. Akufuna shuga basi amenewo."

Kalaliki akanatha kuilanda. Dzanja analitambasula ndithu, koma linathera paphewa pa mkaziyo.

Lamlungu m'mawa anagula shuga n'kukwera minibasi, akukonza bodza m'mutu. Pa mlatho anapeza matabwa ena atakokoloka, matope ali mpaka m'mbali. Anawoloka chokwawa. Atafika pamwamba pa chitunda anaima. Nyumba yake inalibe chitseko. Makatani ankauluzika ndi mphepo, pansi pali nsalu zonyowa zamagazi.

Mlonda anatulukira atanyamula mwana uja. Sanapereke moni.

"Chitseko tinachizula ndife. Tinanyamulirapo akazi anu."

Anafotokoza mosakweza mawu. Matenda anayamba dzulo lake chakumasana, magazi n'kumatuluka. Anaimba foni ya Kalaliki, osayankhidwa. Atamugoneka mayiyo pa chitseko, anaimba ku sitolo, mlonda mnzake wa kumeneko n'kunena kuti anatseka kale ndipo kulibe zowerenga katundu, akamufune kuseri kwa msika kumene amagona masiku onse. Anamunyamula mayiyo pa chitseko, iye ndi mkazi wake ndi anyamata awiri oumba njerwa. Atafika pa khwawa anapeza madzi akudutsa pamwamba pa mlatho. Galimoto imene anaitana inaima kutsidya, akuionera chonchi. Anadikira pamvula, atamufunditsa pepala la pulasitiki, mpaka madzi anatsika.

"Zonse zimene ananena a ku sitolo zija, mayi anazimva," anatero mlondayo. "Foni inali pa chitseko pomwepo."

Kuchipatala anamupeza mkazi wake atayang'ana kukhoma. Namwino anamuuza pakhonde kuti mayi apulumuka, koma mwana anafika atapita kale, ndipo akanafulumira zikanakhala zina. Kalaliki anagwada pambali pa bedi.

"Amayi ake, ndikhululukire."

Mkaziyo sanatembenuke. Analankhula ndi mawu ouma, ngati akuwerenga.

"Anali mwamuna. Anandionetsa. Mphuno ndi yanu yomwe." Anapuma. "Foni yanu itasiya kulira, ine ndinayesa mwachita ngozi ndi mvula ija. Ndili pa chitseko paja, ndinkapempherera inu kuti musafe. Kenako ndinamva kumene munali."

"Satana anandinyenga."

"Satana sanalipire nyumba ija. Munalipira ndinu. Munaona khwawa, munaona mimba yanga, n'kulipira."

Mkaziyo atatuluka m'chipatala, mchimwene wake anabwera ndi galimoto. Anatenga mlongo wake, mwana, makatani ndi mapoto. Kalaliki atayesa kulankhula, mlamu wakeyo anangokweza dzanja.

"Alamu, tinakupatsani munthu wamoyo, woyenda yekha. Mwatibwezera pa chitseko. Musatitsatire."

Nkhani inafika kwawo iye asanafike. Bambo ake anaimirira m'tchalitchi n'kutula pansi ukulu wa mpingo, akuti munthu amene walephera kuongola wa m'nyumba mwake sangaongole a eni ake. Mayi ake anamulandira pakhonde, osamulowetsa m'nyumba.

"Unalumbira pamaso pa Mulungu," anatero. "Ine ndinakukhulupirira, n'kumusiya mwana wa eni ake uja kumeneko. Tchimo lako wandisenzetsa ndi ine."

Anabwerera mumzinda alibe kolowera koma kuseri kwa msika. Wometa uja anamupirira masiku ochepa, kenako anamuikira chikwama panja.

"Ine za maliro ayi. Nkhope yanuyo ikundithawitsira makasitomala."

Adyeretu naye anasamba m'manja. "Ine ndinangokulozera njira, achimwene. Mlatho unawoloka wekha."

Ku ntchito mutu sunkagwiranso. Ankalemba simenti pamene patuluka malata, ankafika maso ali psuu, akununkha mowa umene kale sankaudziwa n'komwe. Anamuchenjeza, anamuchenjezanso, kenako anamuchotsa. Lero amasenza katundu wa anthu pa siteji yomaliza ya minibasi, ndipo amagona m'chipinda chimodzi cha nyumba yosatha chimene mlonda uja anamubwereka mwachisoni. Mwana wake wamkazi anayamba sukulu. Kalaliki anamva kwa anthu kuti mwanayo akafunsidwa za bambo ake, amatchula amalume ake.

Inu achinyamata amene mukuyamba mabanja, imvani. Kukhala m'nyumba yotchipa si manyazi, ndipo mabanja ambiri olimba anayambira m'kachipinda kodontha. Koma mwamuna amene amasankhira banja lake malo ndi cholinga choti tchimo lake lipeze mpata, akukumba dzenje limene adzagweramo osalakwa. Chigololo sichidya wochichita yekha. Chimayamba ndi amene amamudikira pakhomo, ndipo chikamaliza, kulira kwa ndikanadziwa sikuukitsa mwana.