Mapuleti Akuda a Pakhomo la Takisi

Chaka chimene fakitale ya mabulangete inatsekedwa ku Livingstone, Bonface Sakala anatuluka pageti ndi ovolosi imodzi ndi manja ake awiri, basi. Kwawo kunali ku Katete, banja lopemphera ndithu, koma umphawi wa m'tauni unamukhala pakhosi. Mkazi wake Loyce ankagulitsa tomato pamsika wa Maramba, mwana wawo Joy ankapita kusukulu ndi nsapato zoyasama, ndipo iye ankatsuka matakisi a anthu ena pasiteshoni. Kutsukako sikunali kanthu. Chimene chinkamudya mtima ndi Mubita, mnzake amene ankagwira naye makina amodzi kufakitale, yemwe tsopano anali ndi matakisi awiri ndi kamimba kotsogola. Mubita ankamuponyera makiyi osamuyang'ana n'komwe.

"Ba Bonface, musuke na mukati, ka. Nili na bazungu bofuna kuyenda ku mathithi."

Bonface ankatola makiyiwo pamchenga akumwetulira, mumtima muli moto.

Tsiku lina la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anakwera njinga yobwereka ulendo wa ku Simonga, kumene anamva kuti kuli mkulu wina wa zitsamba dzina lake Muleya. Ankayembekezera kupeza zikopa ndi nyanga. Anapeza bambo wowonda atavala jekete la ulonda, akumata chubu cha njinga pamthunzi.

"Wabwela kufuna motoka," anatero Muleya asanadzutse n'komwe mutu.

"Ndani wakuuzani, ba Muleya?"

"Manja yako ni ya sopo. Maso yako ni ya muntu wamene apenyelela vintu va banzake. Nkala pansi."

Bonface anakhala, nafunsa mtengo wake. Muleya anaseka kaphwete kosasangalatsa.

"Sunga tumapepala twako, ine sinidya ndalama. Motoka izakupeza yeka. Ukasegula chiseko chilichonse, pansi pamene bantu baponda pongena, uzaona puleti yakuda. Apo ndiye pakamwa pake. Chuma chako chonse chizangenela pamene apo. Uyasunge monga diso yako. Ikakandika, muzele umodzi ni muntu umodzi."

"Muntu uti?"

"Aliyense wamene adya vochoka mu motoka iyo. Izasanka yeka."

Tamvani tsono nzeru za munthu wanjala. Bonface sanaganize za Loyce, sanaganize za Joy. Anaganiza zoti zaka zitatu zonse akutsuka magalimoto sanakandepo ngakhale imodzi, ndiye timapuleti tinayi tingamukanike? Anavomera. Muleya anamuvula nsapato, anamutema mphini ziwiri pachidendene, napakapo zakudakuda zonunkha ngati tayala lopsa.

Patapita masiku atatu, galimoto yoyera yochokera ku Japan inazima yokha pamalo penipeni pamene Bonface ankatsukirapo. Mwini wake, wamalonda wina dzina lake Oscar, ankaiyendetsa kuchokera kudoko la ku South Africa kuti akaigulitse ku Lusaka. Amakaniko anaitembenuza tsiku lonse, galimoto zii. Oscar anasiyira Bonface makiyi ndi mapepala onse kuti amusungire, nawoloka mlatho kukafuna chitsulo ku Zimbabwe. Sanabwerenso, ndipo palibe anabwera kudzamufunsa. M'mawa mwake Bonface anangopotoza kiyi kamodzi, injini n'kulira bwinobwino.

Atatsegula zitseko anawapeza mapuleti aja, anayi, akuda, onyezimira, okhala ndi timizere tolukana mkati ngati mkeka wosalala. Sanali achitsulo komanso sanali apulasitiki. Makaniko wina anati zimenezo ndi kaboni faiba, zoika m'magalimoto a mpikisano, ndipo m'tauni yonseyo panalibe wina amene anali nazo.

Palibe khanda limene linasamalidwapo ngati mapuleti amenewo. M'mawa uliwonse Bonface ankagwada, n'kuyamba wauzira ndi pakamwa kuti mchenga uchoke, chifukwa mchenga wa ku Livingstone ukaupukuta ndi nsalu umadula ngati lezala. Kenako madzi ofunda pang'ono, kansalu kofewa kowiritsa, osati sopo wa ufa ayi, n'kumalizira ndi polishi wopakidwa ndi chala chimodzi. Masana ankaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango kuti dzuwa lisasuwitse kunyezimirako. Wokwera aliyense ankamutsegulira yekha chitseko, n'kumugwira pachigongono, dzanja linalo litaphimba puleti, mpaka phazi litadumpha. Azungu ankati sanaonepo dalaivala waulemu chotere, ndipo ankauzana dzina lake m'mahotela. Amayi a ku Maramba onyamula madengu ndi makireti ankangowadutsa ngati sakuwaona.

Chuma chinalowadi. Chisanathe chaka anasamukira m'nyumba ya njerwa zootcha yokhala ndi mpope pabwalo. Loyce anasiya msika, Joy anavala nsapato zotseka, ndipo mkulu wake wa Bonface, telala wina wofatsa dzina lake Chrispin, Loweruka lililonse ankalandira thumba la ufa ndi nyama. Mubita anayamba kupereka moni ndi manja awiri.

Tsiku lina m'mawa mzungu wina wokalamba akutsika pageti la ku mathithi, ndodo yake yokhala ndi nsonga yachitsulo inaterereka. Phokoso lake linali laling'ono, khwee, ngati nkhuku ikupalasa. Bonface anagwada. Papuleti lakumbuyo panali kamzere kamodzi koyera, kotalika ngati chala. Anapaka malovu, anapaka polishi, kamzere kali pomwepo.

Madzulo a tsiku lomwelo Chrispin anagwa chafufumimba pamakina ake osokera, munthu amene sanadandaulepo ngakhale mutu. Amene anasambitsa thupi anadabwa kuona mzere woyera kuphazi kwake, wopanda magazi. Pamaliro Bonface analira kuposa wamasiye, anthu n'kumati ankakondana kwambiri pachibale.

Atangoika maliro anathamangira ku Simonga. Muleya anali pamthunzi womwe uja.

"Ba Muleya, nivalepo labala pamwamba, yasakandike futi."

"Ukavala pakamwa, izapuma bwanji? Izakwiya, izatenga bonse pamodzi."

"Niyachose, niyataye mu Zambezi."

"Yesa."

"Nigulise motoka. Olo niipake chabe pa nyumba, nileke kuyenza."

"Siku imodzi yosayenda, muzele ubwela weka. Iwe unafuna motoka, mwana wanga. Yenza."

"Manje banja yanga?" anafunsa Bonface. "Nileke kubadyesa?"

Muleya anamuyang'ana koyamba m'maso. "Banadya kale, kudala."

Kuyambira pamenepo Bonface anasanduka munthu wina. Anawonda, nsidze zinagwa, ndipo wokwera akangonyamula phazi iye ankatuluka thukuta. Joy akathamangira galimoto pochokera kusukulu, bambo ake ankamukalipira mpaka mwana kulira. Loyce, amene tsopano anali ndi pakati, anamufunsa kangapo.

"Atate ake Joy, kodi motoka iyi ni mukazi wanu wachibili? Mwana wanu muleka kumukweza chifukwa cha tumapuleti?"

Bonface ankangoti akazi sadziwa za magalimoto. Mantha ake anawasenza yekha.

Mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, masiku a Loyce anayandikira, ndipo mayi ake ananyamuka ku Katete kuti adzamuthandize pochira monga mwa mwambo. Loyce miyendo inali itatupa, sakanatha kupita kukawachingamira. Bonface anapita yekha. Basi inafika cha m'ma teni koloko m'mawa, mvula itangokata, pasiteshoni pali matope ofiira osakanikirana ndi timiyala.

Apa mpofunika kuti mudziwe za ulemu wa kwathu kum'mawa. Mkamwini sayandikira apongozi ake aakazi. Sawagwira, sawayang'ana m'maso, ndipo kuwakwezera mawu n'chinthu chimene munthu woleredwa sachilota n'komwe. Bonface anali munthu woleredwa. Anaika katundu m'buti, anatsegula chitseko chakumbuyo, ndipo miyendo yake inabwerera yokha mapazi atatu. Ananjuta, naomba m'manja.

"Takulandirani, amama. Loweni."

Mayi aja anasuzumira mkati. Anaona mipando yokutidwa ndi nsalu zoyera, kapeti wopanda ngakhale kachitsotso. Kenako anayang'ana nsapato zawo zamatope, nachita manyazi.

"Iii, apongozi, ine ndilowe ndi matope onsewa m'galimoto yoyera chonchi? Ayi, sitinaleredwe choncho."

Ananyamula phazi. Bonface anaona chimene chikubwera. Mzungu akanamugwira chigongono, mayi wina aliyense akanamukankha, koma awa anali apongozi. Thupi linakana kudzuka, ndipo chimene chinatuluka pakamwa ndi kanong'onong'o chabe.

"Amama..."

Khwee. Mayi aja anapalira nsapato yakumanja pamphepete pa puleti, mosamala, monga amachitira pakhomo la tchalitchi. Khwee, yakumanzere. Anayang'ana kunsi kwake, anaona kuti kwatsala kamwala, napaliranso. Khwee.

"Eya, tsopano zayera," anatero, nalowa n'kukhala bwinobwino, manja pamiyendo.

Bonface anayandikira kuti atseke chitseko. Pansi pa matope panali mizere itatu yoyera, yakuya. Anayendetsa galimoto osaona msewu, apongozi kumbuyo akusimba za chimanga cha chaka chino ndi moni wa achibale. Iye ankawerenga mumtima. Anthu odya za galimotoyi anatsala angati? Anapemphera pemphero limene sanapempherepo chibadwire, lakuti mzere umodzi mwa itatuyo ukhale wake.

Asanakhote n'komwe kulowa mumsewu wa kwawo anamva kulira. Azimayi oyandikana nawo anali atadzaza pabwalo. Loyce anali atagwa pampope ndowa ili m'manja, ndipo anapita pamodzi ndi mwana wa m'mimba. Bonface sanatsike kuti akamuone. Anasiya apongozi akudzigwetsa pansi, natembenuza galimoto kuthamangira kusukulu, akukuwa dzina la Joy pawindo ngati kuti mwanayo angabisale. Sanafike. Pakona anakumana ndi aphunzitsi awiri akubwera wapansi, wina atanyamula kamtsikana m'manja, atakafunditsa chitenje mpaka kumutu.

Pamaliro Bonface sanalire. Anakhala pansi pambali pa galimoto chitseko chili pululu, akupukuta puleti ndi malaya ake, kenako ndi lilime. Achibale atamukoka anawaluma. Galimoto ija sinalirenso, ndipo panalibe wolimba mtima woti aigule kapena kuchotsako ngakhale nati imodzi. Apongozi anabwerera ku Katete atangotsala mafupa ndi chisoni, osadziwa kuti phazi lawo linachita chiyani, ndipo ndi bwino kuti sanadziwe, poti iwo ulemu wokha ndi umene anapereka.

Amene ankakwera maminibasi a ku Maramba chakumapeto kwa zaka zimenezo amamukumbukira wamisala wina wandevu amene ankathamangira basi iliyonse ikaima, n'kugwada pakhomo, manja onse awiri ataphimba popondera. Anthu othamangira kuntchito ankangomuponda. Zala zake zinathyoka n'kupola mokhota, koma sankazichotsa, ankangochonderera aliyense wokwera kuti adumphe, ali ndi mwana kusukulu.

Inu amene mumatsuka galimoto ya mnzanu mtima ukuwawa, tsukani, mukadye ndi ana anu madzulo. Chuma cha zitsamba sichibwera chaulere, ndipo wochifuna amavomera mtengo wake poganiza kuti iye ndi wochenjera, adzasamala. Palibe munthu angasamale mpaka kulamulira phazi la aliyense. Dyera la Bonface linagula galimoto imodzi, ndipo amene analipira ndi anthu anayi amene sanapiteko n'komwe ku Simonga.