Ziliza Zodzuka Zokha

M'mawa wina Mayi Freda Zukerman atasuzumira pawindo, anaona chiliza chimodzi chaimirira kumanda a Ayuda kuseri kwa nyumba yawo. Dzulo lake chinali gone pansi pamodzi ndi zinzake zonse. Anthu osadziwika anali atazigwetsa n'kupakapo zizindikiro za Anazi, gulu lodana ndi Ayuda, ndi penti yofiira, ngakhale pa chiliza cha malemu amuna awo, a Mendel.

Wapolisi wa m'tauni yawo, m'chigawo cha Saskatchewan, anali atanenetsa kuti pasapezeke wokhudza kanthu mpaka wofufuza abwere. Kuwononga manda chifukwa chodana ndi mtundu wa anthu, anatero, ndi mlandu waukulu woti munthu n'kukaseweza kundende. A Freda ankafunadi kuti wochita zimenezi aoneke nkhope. Nanga uyu wodzutsa zilizayu ndani?

Usiku wotsatira anamva unyolo ukulira, ngwee, ngwee, kenako kubuula kwa munthu wosenza cholemera. Mphepo inkaweyula tirigu mbali zonse, mwezi kulibe. Kutacha, china chinali chitaima, penti atapalapo. Kusitolo anthu ankanong'ona kuti akufa atopa kudikira boma, akudzikonzera okha. A Freda mantha anawagwira, komanso pansi pamtima ankakondwa. A Mendel anali munthu wosakonda kugona masana.

Atapita kukaona pafupi, anaphulika kuseka okhaokha. Chiliza cha amuna awo chinali chitaimikidwa bwinobwino, koma pamanda a munthu wina, malemu Mayi Katz. Wakufa saiwala pomwe wagona. Wodzutsa zilizayu anali wamoyo, ndipo mayina olembedwa m'Chiheberi pa miyala ya m'mphepete mwa manda sankatha kuwawerenga.

Madzulo anavala jasi n'kukakhala kuseri kwa mpanda. Mdima utakhwima, chinthu chachitali chinatulukira kumunda, chikukoka mwendo, unyolo uli lende paphewa. Chitatsokomola, a Freda anakuzindikira kutsokomolako. Anali a Orest Hrynkiw, mlimi woyandikana nawo, amene anakalambira limodzi.

"A Orest," ananong'ona, "ufitiwu mwayamba liti?"

Bamboyo anagwetsa unyolo. "Mayo! Mayi inu, mukufuna ndigone pompano?"

"Malo alipo. Mukutani kuno?"

A Orest anavula chipewa n'kuyamba kuchipotokola. "Pentiyo ndinaipeza m'galimoto mwa mdzukulu wanga Cody. Wapezana ndi anzake oipa pafoni paja. Ndimati ndikadzutsa zonse, wofufuza adzapeza palibe mlandu."

A Freda chisoni chinawagwira, pakuti Cody anakulira pakhomo pawo, akumaliza mabisiketi awo. Koma mkwiyo nawo unalipo.

"Miyala mudzutsa, nanga mwanayo amudzutsa ndani? Mukamubisa lero, mawa akaotcha nyumba muli anthu."

"Akamutsekera, mayi."

"Mwina. Mawa mubwere naye, tipitire limodzi kupolisi. Akanene ndi pakamwa pake. Ine ndikapempha woweruza kuti chilango china akagwirire konkuno, azipala penti ine ndikumuuza dzina la aliyense wagona apa. Zoti andimvera sindikulonjeza."

Bamboyo anapukuta m'maso. Kenako anagwedeza mutu kuvomera, ndipo a Freda anamva mtima wawo ukukhala pansi koyamba chichitikire zoipazo.

"Ndipite tsopano?" anafunsa a Orest.

"Mupite kuti? Tolani unyolowo. Zinazi musakhudzenso, koma ichi chokha ndikayankha ndekha kupolisi. Mwawaika amuna anga pa Mayi Katz, anthu oti ali moyo sankapatsana ndi moni yemwe."

"Pepani, mayi. Ndiye pawo ndi pati?"

A Freda anayenda pang'ono mumdimamo n'kuima pambali pa kamalo kopanda manda.

"Apa, pafupi ndi panga. Ndikadzabwera ndisadzavutike kuwafunafuna."