Mzere wa pa Fire Exit

"Chotsani chi-tape chanuchi! Makolo afika half seven, mukufuna aone chiyani? Munthu waterereka pa ice, basi!"

Mayi Agatha Chilambe, mwini wake wa Kadzuwa Playschool ku Ongar, amakalipira Garda, wapolisi wachitsikana amene anaima pa geti. Kuseri kwa creche, pakati pa ma bin ndi khoma, panali mtembo wa mwamuna, chafufumimba, snow itakwirira miyendo. December 2010 imeneyo, snow ija inaimitsa ndi ma bus omwe.

Detective Sergeant Malachy Tuohy anafika akupukusa jacket. Mzungu waimvi, Amalawi onse a mbali ya Clonsilla amamutchula a Brother. Asanalowe upolisi anakhalitsa ku mishoni ina ku Ntcheu, ndiye Chichewa chake ndi chija cha m'buku la mapemphero.

"Mtendere ukhale nanu, amayi. Wagonayo ndani?"

"Ndi Enos. Amatikonzera ma tap, ma bulb, kukolopa. A Brother, please, Friday kukubwera inspector."

"Wa chiyani?"

"Wa ma creche. Anabwera Thursday yathayi, anapeza tinthu ting'onoting'ono, akubweranso. Akapeza police tape andichotsa pa free preschool scheme ya boma. Mukudziwa kunjaku, azibambo onse ali pakhomo, ma site a zomangamanga anatseka. Popanda scheme imeneyo ndatseka."

Tuohy anagwada pa mtembo. Kunkhongo kunali mabala awiri. Anayang'ana pansi, njira ya ku ma bin inali yokokoledwa bwinobwino mpaka theka. Wina amachotsa snow, koma fosholo palibe.

"Anamupeza ndani?"

"Womba. Mtsikana wanga wa ntchito."

Womba anali mu kitchen, wa ku Zambia, zaka ngati twenty-six, atagwira kapu ya tea osamwa.

"Nabwela kuseni kutsegula, napita kutaya ma nappy, namuona," anatero. "Dzulo nenze nachoka five. Ba Enos nabasiya bachotsa snow."

"Anali ndi adani?"

"Sinidziwa ine."

Lachiwiri masana doctor anaimba foni. Si ice ayi. Anamenyedwa kawiri ndi chinthu chaphanthiphanthi, Lolemba chakumadzulo, cha m'ma six. Kenaka mayi wina wa mu flat ya pamwamba anauza ma Garda kuti Friday anamva Agatha ndi Enos akukangana mpaka chitseko kumenyetsa. Tuohy anawatengera Mayi Agatha ku station.

"Munakangana chiyani?"

"Fodya. Amasuta pafupi ndi ana."

"Fodya mpaka kumenyetsa chitseko?"

"Ine ndimalankhula mokweza, a Brother. Kafunseni ku choir."

"Lolemba six munali kuti?"

"Ku choir komweko. Practice ya Christmas."

Anaimbira Father wa ku parish. Zoona, mayiyo analipo kuyambira five mpaka eight, ndipo ndi amene amalakwitsa alto. Lead yafa. Koma Tuohy anaona chinthu chimodzi: mayi amene alibi yake ili bho samatuluka thukuta choncho. Amabisa kanthu, kaya kotani.

Lachitatu creche inatsegulira mu hall ya parish, poti kuseri kuja kunali kotsekabe. Tuohy anapita kukafunsanso Womba za fosholo. Analowa ndi suit yake, ID ili pakhosi, file kukhwapa.

Ana anali pa mat akuimba. Atangomuona, nyimbo inaduka.

Ana ena anangokhala. Koma ena, mwina seven, anadzuka okha, wopanda wowauza. Aliyense anakatenga jacket yake. Anakafola pa fire exit, chala pakamwa, zii. Ana a zaka three, four, mzere wowongoka ngati asilikali.

Agatha anaseka kuseka kosachokera mumtima. "Ndi fire drill imeneyo, timawaphunzitsa..."

"Alarm sinalire," anatero Tuohy.

Anagwada kutsogolo kwa mwana woyamba pa mzerewo. "Mukupita kuti, bwana?"

"Uncle Enos's van."

"Chifukwa?"

"'Cause you're the inspector. We have to be quiet mice."

Pomwepo kunamveka kukuwa pansi pa tebulo. Kamtsikana katadzipinda, kakugwira mwendo wa tebulo ndi manja onse.

"No van! Mammy, no van, no van!"

Womba anathamanga, kugwada, kumukoka. "Joy, bwela, kulibe van, bwela mami." Mwanayo, wake wa Womba yemweyo, anali atavala slipper phazi limodzi. Linalo linali lokulungidwa bandage, yomanga kunyumba, osati kuchipatala.

Tuohy anatembenuka. "Amayi. Masiku awiri palibe amene wanditchulira galimoto. Ili kuti?"

Agatha anakhala pa kampando ka ana. Mawu anachepa.

"A Brother, mvetsani. Malo aja anandiloleza ana owerengeka, malinga ndi kukula kwa room ndi staff. Koma azimayi awa akugwira ma shift ku ma nursing home, ena ali pa student visa, creche ya azungu sangaikwanitse. Ndiwabweze? Ndiye inspector akagogoda kutsogolo, owonjezerawo amatulukira kuseri. Enos amawazungulitsa mpaka nditumize text. Palibe amene anafapo."

"Enos wafa. Van ili kuti?"

Inali mu car park ina kuseri kwa ma apartment, Transit yoyera yakale, yolembedwa dzina la munthu amene anabwerera ku Malawi kalekale. Yokiya. A forensic atatsegula, pansi pa mpando wakumbuyo anapeza fosholo. Magazi ndi tsitsi zinali pomwepo. Pachigwiriro panali zidindo za zala, ndipo sizinali za Enos yekha.

Interview room 2, Lachinayi m'mawa. Womba, solicitor wake, Tuohy, tape ikuzungulira.

"Ma key a van sanali m'thumba la Enos," anatero Tuohy. "Tawapeza mu handbag yanu. Phazi la Joy linatani?"

Womba anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Solicitor anamugwira mkono, iye anauchotsa.

"Thursday ija inspector anachedwa maningi. Anafika ten, kuchoka past one. Ba Enos anatopa kuzungulira. Anaimika van, kuzima engine ati asunge diesel, kukiya, kulowa mu bookies kukabetcha. Bana mukati, na snow ija."

"Kenaka?"

"Text itafika anabwela nabo, bonse balila, tinabafunditsa. Ine nenze mu baby room na tubana tutatu, sininatuluke. Nenze niganiza Joy ali ku room inangu na ba aunty Agatha. Ba aunty naonso baganiza ali na ine. Four o'clock nifuna kumupatsa yoghurt, kulibe."

Anapitiriza.

"Anagona pansi pa seat ya kumbuyo. Nsapato imodzi inavuka. Ninamupeza salila, sakamba, angoniyang'ana chabe. Pakuti tinamuphunzitsa ise. Quiet mice. Tukumo twake tuwiri twa kuphazi twachita black."

"Simunapite naye kuchipatala."

"Ba aunty banagwada pansi. Ati Womba, ukapita bazafunsa, social worker azabwela, creche izavalika, na iwe visa yako ni twenty hours koma usewenza full week, bazakutengela mwana. Ninamvela. Namumanga neka na Vaseline. Mwana wanga, ba Sergeant. Ine nili na certificate ya first aid, nidziwa chamene nenze nifunika kuchita."

"Lolemba?"

"Bonse bayenda. Joy nenze namusiya kwa neighbour. Napita kuli ba Enos kumbuyo, bachotsa snow. Nenze nifuna chabe bakambe sorry. Nabauza ati Friday Joy sakwela futi van. Baika fosholo pa wall, bayatsa fodya, baseka. Ati iwe, mwana sanafe, usiye u-drama, Friday akwera ngati anzake onse, apo ayi ndikauza immigration. Bapindamuka kufuna lighter yagwa pansi."

"Munamumenya kangati?" anafunsa Tuohy.

"Yoyamba sinikumbukila. Yachiwili nikumbukila."

"Fosholo munakaiikiranji mu van?"

"Pakuti van ija kulibe amene angaikambe. Tonse tenze tinalapa kuti sitizaikamba." Anakweza maso koyamba. "Joy ali kuti?"

"Ali kuchipatala kuyambira dzulo. Doctor akuti chala chimodzi apulumutsa. Chinacho sakudziwa."

Womba anaika mutu pa tebulo. Sanalire mokweza. Tuohy anatchula nthawi, kuzimitsa tape, kutuluka.

Mu corridor Agatha amadikira, handbag pamiyendo, korona m'manja. Atamuona anadzuka msangamsanga.

"A Brother, wavomera eti? Mayo ine, mtsikana wabwinobwino. Satana ndi woipa." Anayandikira, kutsitsa mawu. "Komano tamverani, inu mwakhalako kwathu, mukudziwa mmene timathandizirana. Wopha mwamupeza. Za van zija, za ana owonjezera, sizikukhudza mlanduwu. Inspector akubwera mawa. Pali mabanja ambiri akudalira ine. Zimenezo zikhalamo mu report?"

Tuohy anamanga mabatani a jacket.

"Page one, amayi."

Anakankha chitseko, kutuluka.