Maluwa a Pakhonde la Amama

Keziah anagwada pakhonde, akuyang'ana mpendadzuwa wake. Unakula wowonda ngati udzu, masamba achikasu, ndipo wonse unapendekera kumsewu. Panalibe duwa ngakhale limodzi.

Amayi ake anali atagona m'chipatala ku Mzuzu miyezi iwiri, atathyoka mwendo potsika chitunda cha ku Chikale ndi dengu la chinangwa. Adokotala anati akabwerera azikhala pansi kwa nthawi yaitali. N'chifukwa chake bambo ake a Keziah anamanga ndi njerwa kabedi ka maluwa m'mbali mwa khonde, kopapatiza ngati chikhatho ziwiri, kuti mayiyo aziona maluwa. Keziah ndiye anasankha mpendadzuwa, atauona pa kalendala ya kusukulu. Tsopano kunatsala masabata awiri okha kuti amayi abwere.

"Mwana wanga, ukulirira chiyani?" Anali aNyagondwe, oyandikana nawo nyumba, amene ankagulitsa tomato kumsika wa paboma.

Keziah anachita manyazi. Mwezi wathawo mayiwa anamubweretsera timaluwa ta kukhwawa, iye n'kuseka kuti, "Amama, amenewo si maudzu a achule?"

"Ndathira madzi, ndathira manyowa," anadandaula motero. "Kaya ndalakwa pati."

"Dzuwa limafika nthawi yanji pamenepa?"

"Limafika basi."

"Basi? Iwe, unalifunsa?" ANyagondwe anatola khala pambaula n'kumupatsa. "Mawa ndi Loweruka. Khala pompano. Dzuwa likakhudza njerwa, lemba mzere. Likachoka, lembanso."

Keziah anachitadi zimenezo. Dzuwa linafika kubedi cha m'ma seveni, koma isanakwane teni mthunzi wa mango unali utaphimba kale. Kumapeto kokha, pafupi ndi masitepe, ndi kumene linachedwako pang'ono.

"Waona?" anatero aNyagondwe. "Mpendadzuwa wakowu ukuthawa pano, ukufuna dzuwa la tsiku lonse. Ndipo mizu yake ingakwane m'kangalande aka? Tenga beseni, tiye kwa achule ako aja."

Kukhwawa, pansi pa mitengo, timaluwa tija tinali mbuu, tapinki ndi tofiirira, tina tili ndi mphukira. Anatizula pamodzi ndi dothi lake. Kunyumba kwawo aNyagondwe anathyolanso nthambi za chomera cha masamba ofiira ndi obiriwira, chimene chimakongola ngakhale chopanda duwa.

"Zazifupi patsogolo, zamasamba kukhoma," ankalangiza. "Osathithikiza. Nazonso zimafuna kupuma."

Mpendadzuwa umodzi wolimbako anauokera kuseri, padzuwa.

Tsiku lobwera amayi, bambo ake ndi kondakitala wa minibasi anawanyamula mpaka pampando wa pakhonde. Mayiwo anatambasula dzanja n'kukhudza duwa lapinki.

"Awa ndi a kukhwawa kumene ndimaviika chinangwa," anatero motsitsa mawu. "Ndinkaganiza kuti chaka chino sindiwaonanso. Wawadziwa bwanji, Keziah?"

Keziah anayang'ana mizere ya khala ija pa njerwa. Kenako anathamangira kumpanda.

"Amama aNyagondwe! Bwerani, akukufunsani!"

"Ndili ndi tomato m'manja, iwe!"

"Bwerani naye. Yewo chomene, amama, mwandithandiza. Ndipo za achule zija, pepani."

ANyagondwe anaseka mpaka tomato mmodzi anagubuduzikira pansi. Keziah anamutola, n'kukawatengera mpando wachiwiri, nauika pafupi ndi wa amayi ake.