Mkeka wa Nthenga Zofiira

Lupesina anakumana ndi Pelenato padoko la Apia, tsiku limene anamulanda nkhuku.

Chaka chimenecho mayiko a pazilumba anagwirizana zokonzekera chimfine cha mbalame. Matendawo anali asanafike, koma lamulo linali kale pakhoma: nkhuku, mazira ndi nthenga zakunja zisadutse osapimidwa. Lupesina ndiye ankatsegula katundu wa otsika sitima ya ku Pago Pago, ndipo ankadya matukwano kuyambira m'mawa.

"Achemwali, nkhuku yakufa ingatsokomole?" anafunsa mnyamatayo.

"Ndi yaiwisi iyi, achimwene. Ikutsala."

"Tengani. Mtima mwalanda kale, nkhuku n'chiyani?"

Lupesina anaseka, ndipo mavuto ake anayambira pomwepo.

Pelenato ankagwira ntchito kufakitale ya nsomba ku Pago Pago, n'kumabwera kamodzi pamwezi. Masiku enawo anali mauthenga a pafoni okhaokha. "Duwa langa, wadya?" "Pa Khirisimasi ndibwera kwanu ndi akuluakulu." Khirisimasi inadutsa. "Pirira, wapamtima, pa Isitala sindilephera." Isitala nayo inadutsa.

Amayi a Lupesina anali atayamba kale kuluka mkeka wa ukwati, paja mkekawo umachokera kuchikazi kupita kuchimuna.

"Kodi mnyamata wakoyo ali ndi abale, kapena anangomera?" ankafunsa, maso ali pa ntchito yawo.

Lupesina ankangolowa m'nyumba, mtima ukuwawa.

Lachinayi lina kunabwera madokotala a ku Tonga ndi ku Fiji kudzaona ngati dokolo linali lokonzeka. M'mawa womwewo foni inalira. Anali Pelenato.

"Ndili m'sitima. Ndanyamula mkeka wa pamaliro a azakhali. Usautsegule, wokondedwa, akausunga uphonya mwambo. Ukandichitira ichi, sabata yamawa ndili pakhomo panu."

Lupesina anakwiya. Mkeka wotere umakhala ndi nthenga m'mphepete. Kuulola, ntchito ikanatha. Kuukaniza, chibwenzi cha chaka chathunthu chikanathera padoko. N'chifukwa chiyani munthuyu ankakumbuka pakhomo pawo akafuna chinthu basi?

Pelenato anafika akumwetulira, mtolo uli paphewa. Alendo aja anaima chapatali ndi makope awo.

"Nthenga zake n'zakalekale, Lupe," ananong'ona Pelenato. "Ingodinda."

Chidindo chinali kale m'manja mwa Lupesina. Anachiyang'ana, n'kuchiika pansi.

"Ndingoona m'mphepete mokha."

"Sukundikhulupirira?"

"Ndinakukhulupirira pa Khirisimasi ndi pa Isitala. Gwira uko."

Anadula chingwe, mkeka n'kuyalika patebulo. Unali wosalala ngati nsalu, nthenga zake zofiira, zatsopano. Pakati anasokapo mayina awiri ndi nthenga zomwezo: PELENATO ndi MALAEA.

Mkeka wa maliro sukhala ndi mtima wojambula pakati pa mayina.

"Malaea ndi azakhali ako aja?" anafunsa Lupesina motsitsa mawu.

"Ndikufotokozera. Makolo ndiwo anakonza. Akwawo kwa mtsikanayo anangondipempha kuti ndiwanyamulire, poti ndinawauza kuti padoko ndili ndi munthu wanga."

"Munthu wako."

"Lupe, iwe ndiwe..."

"Nthenga izi sizinapimidwe." Analemba kapepala n'kumangirira pamkekapo. "Mudzautenge Lolemba, achimwene."

"Lolemba? Ukwati ndi Loweruka!"

Anazindikira atanena kale. Lupesina sanamuyang'anenso.

"Wotsatira," anaitana.

Dokotala wa ku Tonga anabwera kudzamugwira chanza. "Mwagwira ntchito, mayi. Mayiko athu onse akanakhala ndi maso ngati anu, matendawa sakanapeza polowera."

Lupesina anathokoza, misozi ikunyowetsa chophimba kukamwa. Maso ati? Chaka chonse bodza linkadutsa pageti pake mwezi ndi mwezi, iye akulimwetulira.

Ataweruka anapeza amayi ake ali pakhonde, mkeka uli pamiyendo, chitini cha nthenga chili pambali.

"Wafika bwino," anatero amayiwo. "Kwangotsala mayina. Lake lija ndisoke mbali iti?"

Lupesina anagwada, n'kutseka chitini chija.

"Sokani langa lokha, amayi."