Mapepala Atatu a Atikonda

Atikonda anali kutong'ola chimanga ndi amayi ake pakhonde, dzuwa litapendekera kuseri kwa mapiri a ku Matandani, pamene chigayo cha malemu a Gabriel chinalira. Chinayamba ngati nkhalamba yotsokomola, kenako chinalira bwinobwino, fungo la dizilo n'kufika pakhonde pomwepo. Amayi akewo, a Enelesi, anagwetsa chitsononkho.

"Wamva iwe?"

"Ndamva, amayi."

"Injini ya chigayo chimenecho anaigulitsa chaka cha maliro chomwe chija."

Atikonda anali m'chaka chomaliza ku yunivesite ku Blantyre, kumene ankaphunzira kayendetsedwe ka bizinesi, ndipo kumudzi anabwerera kafukufuku. Aphunzitsi ake anamuuza kuti afunse amalonda makumi atatu za mmene amapezera antchito, ndipo aliyense adinde chala pansi pa pepala lake. Komatu anthu akwathu ukawatchulira zodinda chala amachenjera ngati nkhwali. Ena ankati ndi za msonkho, ena ankati ndi za satana. Masiku anatha atapeza anthu makumi awiri ndi asanu ndi awiri okha.

Ndiye mwana wophunzira anachita zimene ophunzira amachita madzi akafika m'khosi: mapepala atatu otsalawo anadzaza yekha. Poopa kuti amoyo angadzakane aphunzitsi ataimba foni, anasankha anthu oti sangatsutse, a kumanda. Analemba a Gabriel achigayo, a Stelia azitumbuwa, ndi bambo ake omubereka, malemu a William, amene ankakagulitsa kachewere panjinga ku Neno Boma. Malo odinda chala anawasiya kaye osadinda.

Patatha masiku awiri chilirireni chigayo chija, Sosten, bambo wa ana anayi amene sankadziwa ndi khomo la chipatala lomwe, anagwa m'munda masana, osadzukanso. Osambitsa thupi ananong'onezana kuti m'tsitsi ndi m'nsidze mwake munali mbuu ufa.

Sabata isanathe, pansi pa mtengo wa mango pamene a Stelia ankakazingira panayamba kununkhira mafuta otentha. Moto panalibe, phulusa panalibe, koma odutsa ankamva kuthetheka. Lachisanu anamwalira Ruth, mayi wa kuseri kwa tchalitchi, manja ake ali matuza okhaokha.

Mudzi unagwidwa ndi mantha, ndipo mantha sasowa woloza chala. A Enelesi akafika pamjigo nkhani zinkaduka. Mayi wamasiye, wopanda ngakhale ng'ombe imodzi, mwana wake ku yunivesite amafikako bwanji ngati si kukhwima? Nanga mapepala amene mwanayo akuyenda nawo khomo ndi khomo ndi a chiyani? Choipa cha mphekesera n'chakuti zimalowa ndi m'nyumba momwe. Atikonda anayamba kuwayang'ana amayi ake cham'mbali, n'kumachita manyazi ndi maganizo akewo. Amayinso ankamuyang'ana iye chimodzimodzi.

Pochokera kumaliro a Ruth, a Enelesi anatseka chitseko dzuwa likadalipo.

"Undiuze zoona. Sosten unamulemba m'mapepala ako?"

"Ayi, amayi. Anakana."

"Nanga Ruth?"

"Anandithamangitsa."

Mawuwo ali m'kamwa, Atikonda anakumbukira kanthu kena. Anathamangira kuchipinda, nasolola mapepala atatu aja m'chikwama. Funso lomaliza papepala lililonse linkati: Mutati mulembe wantchito lero, mungatenge ndani m'mudzi muno? Papepala la a Gabriel iye anayankha kuti Sosten. Pa la a Stelia anayankha kuti Ruth. Anawalemba mwachipongwe chabe, powawidwa mtima kuti anamukana. Ndipo malo aja anawasiya osadinda tsopano anali odindidwa, chala chachikulu, ndi dothi lofiira lonyowa.

Pepala lachitatu linali la bambo ake. Pamenepo sanalembe mwachipongwe, analemba ndi chikondi, misozi ili m'maso: Mkazi wanga Enelesi. Chala chinali chisanadindidwe.

Kumusi kwa njira kunalira belu la njinga. Linalira kamodzi, n'kukhala chete, n'kuliranso pafupi, monga amachitira munthu wokankha njinga yolemedwa pachitunda.

"Belu limenelo ndikulidziwa," anatero a Enelesi, ataima pakhomo la chipinda. "Ndi la abambo ako."

Atikonda anathamangira kukhitchini naponya pepalalo pamoto. Moto unazima ngati authira madzi, pepala lili gwa, losada ndi mwaye womwe. Anatenga cholembera nakhwatcha dzina la amayi ake mpaka silinkawerengekanso. Belu silinaleke. Linali litafika pakhola la mbuzi, ndipo mbuzizo zinaunjikana pakona osalira. Apo ndi pamene anazindikira kuti wolemba ntchito akabwera sabwerera chimanjamanja. Funsolo linkafuna yankho.

Maina analipo ambiri, tisanamizane. Amayi onse a pamjigo aja anamubwerera m'mutu mmodzimmodzi, ndipo cholembera chinatsala pang'ono kuyenda chokha. Koma anakumbukira ana anayi a Sosten atakhala mondondozana pamphasa tsiku la maliro, wamng'ono akufunsa ngati abambo adya. Anagwada pansi, naika pepala pabondo, nalemba dzina lake la iye mwini, lonse monga limalembedwera kusukulu. Akuyang'ana chomwecho, dothi lofiira linatuluka papepalapo pang'onopang'ono mpaka chala chinakwanira.

A Enelesi sukulu anailekera sitandade wani, kuwerenga sankatha.

"Walembapo chiyani, mwanangu?"

"Ndakonza pamene ndinalakwitsa, amayi."

Mayiwo anatchera khutu kwa kanthawi, kenako anapumira m'mwamba.

"Lasiya. Belu lija lasiya, Mulungu ngwabwino. Sonkhanso motowo tiphike."

Atikonda anavomera ndi mutu, nayamba kuyalanso nkhuni. Iye yekha ndiye ankalimvabe, ndipo tsopano linkalira pakhomo penipeni.