Nthanda ya Christabel

Ku Brampton, m'dziko la Canada, mwezi wa Febuluwale, munthu sucheza ndi mlendo pa siteji ya basi. Manja amakhala m'thumba, maso pa msewu, pakamwa potseka kuopa mphepo. Koma Sufian sanabadwe ndi pakamwa potseka.

Tsiku limenelo kunali kusanache bwino. Christabel, mtsikana wa ku Chipata yemwe ankagwira ntchito yoyeza magazi ku Mississauga, anaima pa siteji akunjenjemera, uku akudandaulira mnzake pa foni kuti basi yachedwa. Atangodula foni, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Pepani achemwali, Chinyanja chimenecho n'cha ku Zambia, eti? Chanditenthetsa kuposa jekete yangayi."

Christabel anafuna kukwiya, koma kuseka kunamutsogolera. Mnyamatayo anati kwawo ndi ku Mangochi, ndipo amanyamula makatoni ku nyumba ina yosungira katundu. Kenako analoza kumwamba, pamwamba pa madenga oyera ndi chipale, pomwe panali nyenyezi imodzi yokha yomwe magetsi a mzindawo analephera kuimeza.

Anamuuza kuti kuntchito kwake kuli anthu a mitundu yonse, ndipo aliyense watsopano amamufunsa funso limodzi: kwanu nyenyezi mumati chiyani? Wa ku Punjab anamuuza kuti tara. Wa ku Pakistan anati sitara. Mayi wina wa ku Philippines anati bituin, n'kumuseka chifukwa cha katchulidwe kake.

"Anzanu atola madola, imwe mutola nyenyezi?" anatero Christabel.

"Ndimasowa wozipatsa," anayankha Sufian. "Mwina lero ndamupeza."

Basi inafika. Pofika pomwe Christabel amatsikira, nambala yake inali kale m'foni ya Sufian. Mwana wa mkulu wa mpingo, wophunzira bwino, kugwa ndi mawu ochepa chonchi? Musamuweruze. Kuzizira kwa kuno sikulowa m'mafupa mokha, kumalowanso mumtima.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse foni ya Christabel inkalira ndi uthenga.

"Wadzuka bwanji, Estrella wanga? Dzinali andipatsa ndi achikulire a ku Colombia oyendetsa fokolifiti."

"Nyota wanga, ndakumisa. Uvale masikafu awiri lero."

"Najma wanga. A shehe amati liwuli linachokera ku liwu la Chiarabu lotanthauza kutulukira. Iwenso unangotulukira pa siteji paja."

Loweruka lina ali pomwera khofi, Sufian anamufotokozera zomwe anawerenga. Anati star wa Azungu, stella wa Ataliyana, aster wa Agiriki ndi sitara wa anzake a ku Pakistan, onsewa ndi ana a mayi mmodzi, chinenero chakalekale chomwe palibenso amachiyankhula. Ana akewo anabalalika kukasaka moyo, wina ku Ulaya, wina ku India, koma ukawamvetsera bwino umamva kuti ndi pachibale.

"Ndi mmene tilili ife," anatero atamugwira dzanja. "Ine Msilamu, iwe Mkhristu, malire pakati. Koma muzu ndi umodzi. Palibe chidzatilekanitse."

Christabel anali ndi liwu lakenso, lomwe sanauzepo munthu aliyense chifikireni ku Canada. Tsiku limenelo analitulutsa.

Anamuuza kuti iye anabadwa m'bandakucha, ndipo amayi ake sankamuitana Christabel ayi. Ankamuitana Nthanda, nyenyezi ija imatsala yokha kukamacha. Amayiwo anamwalira iye ali ku sekondale, ndipo dzinalo linapita nawo kumanda. Ngakhale bambo ake sankalitchula, poti linkawaliza.

Maso a Sufian anali jenjenje ndi misozi. Anati liwulo ankangolimva ali mwana osalilabadira, poti kwawo m'Chiyao amati ndondwa.

"Nthanda wanga," ananong'ona. "Dzina limeneli ndilisunga ngati diso langa. Silidzatuluka pakamwa panga kupita kwa munthu wina. Ndipo chilimwe cha chaka chamawa ndidzakukwatira, dziko lonse likuona."

Christabel analira pamaso pa anthu, osachita manyazi. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma ndani amang'amba nkhuyu njala itamugwira?

Anaimbira bambo ake ku Chipata n'kuwauza zonse. Bambowo anamvetsera mpaka pomwe anatchula chipembedzo cha mnyamatayo. Anamuuza kuti asankhe, ndipo akasankha Msilamuyo asadzaimbenso foni. Christabel anasankha. Kuyambira tsiku limenelo, foni ya ku Chipata inkangoitana mpaka kuduka yokha. Zinkamupweteka kwambiri, koma ankadzitonthoza kuti wataya bambo n'kupeza munthu womuitana dzina la amayi ake.

Mwezi wa Juni Sufian anapita kwawo, akuti amayi ake akudwala. Anabwerako wonenepa, atamugulira chitenje chokongola. Pofika Disembala anasiya makatoni n'kuyamba kuyendetsa thiraki. Anasamukiranso ku Oshawa, akuti lendi ya kumeneko ndi yotsika, afunika kusungira ukwati. Kunyumba yatsopanoyo Christabel sanaitanidwepo. Nthawi zonse pankakhala chifukwa: anyamata omwe akukhala nawo ndi auve, hita yawonongeka, iye ali pa msewu.

Mercy, mnzake wa ku Lilongwe yemwe ankakhala naye nyumba imodzi, sanabise maganizo ake. Anati mwamuna wokubisira khomo lake ali ndi chomwe wafundika mkatimo.

"Iwe Mercy, siumuziba Sufian," anatero Christabel. "Munthu uja anikonda maningi. Ona chabe mameseji."

Mauthengawo sanasiyedi kubwera. Zinenero za padziko n'zambiri, ndipo Sufian sankatopa.

Mercy ankagwira ntchito ku ofesi, koma Loweruka ankaphika samusa ndi mandasi pa zochitika za anthu akumudzi. Kumayambiriro kwa Epulo, mayi ena a ku mzikiti anamuimbira kuti kuli akika, mwambo womwe Asilamu amapha mbuzi, kumeta khanda ndi kulengeza dzina lake. Anangoti ndi mwana wa Yusra, mtsikana wongobwera kumene kuchokera kumudzi. Mabeseni anali ambiri, ndipo Mercy anapempha Christabel kuti amuperekeze ku Oshawa.

Christabel anavomera mwachangu. Mumtima ankati bola akaone tauni yomwe wokondedwa wake amagona, ngakhale mwiniwakeyo kunalibe. M'mawa womwewo anali atamulembera kuti: "Ndili kutali, ku Manitoba, ndi thiraki. Kuno nyenyezi zinali mbwee, koma Nthanda wanga palibe."

Nyumbayo inali yodzaza, nsapato zili mulu pakhomo. Monga mwa mwambo, abambo anakhala paokha pabalaza la pamwamba, amayi n'kumalowera khomo la m'mbali kutsikira ku chipinda cha pansi. Kumeneko kunali phokoso la Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi cha ana obadwira konkuno, omwe ukawafunsa "uli bwanji" amakuyankha kuti "good".

Yusra anakhala pa mpando wa pakona, atafunda mpango wobiriwira. Anali wamng'ono, wa nkhope yofatsa, wooneka kuti sanazolowere. Atamva kayankhulidwe ka Christabel, nkhope yake inawala. Anamuitana kuti akhale pafupi, n'kumulandiritsa khandalo, kamutu kali mbee kongometedwa kumene.

"Ndinu a ku Zambia? Ndiye mwanayu ndi wanunso. Dzina lake lina n'lochokera kwanu."

Christabel anamwetulira n'kufunsa dzinalo.

"Najma," anatero Yusra. "Najma Nthanda."

Christabel anayang'ananso khandalo. Anadziuza kuti nthanda si yake yekha, aliyense amaiona. Koma Yusra anali atapeza womumvetsera, ndipo munthu wosungulumwa akayamba kuyankhula saima.

Anafotokoza kuti anakwatiwa ku Mangochi bambo a mwanayu asanabwere ku Canada. Anadikira mapepala zaka zingapo, anthu akumuseka kuti mwamuna wakumana ndi akazi a kunja. Mwamunayo anangobwera kudzamuona mwezi wa Juni, ndipo iye anafika kuno mu Disembala ali woyembekezera. Chomwe chinkamulimbitsa mtima nthawi yonseyo n'chakuti tsiku lililonse amuna akewo ankamutumizira dzina la nyenyezi m'chinenero chatsopano.

"Lero Estrella, mawa Nyota, mkuja Sitara," anatero akuseka mwamanyazi. "Amati mawu amenewa ndi ana a mayi mmodzi, anangobalalika ngati ifeyo. Koma lomwe linandigwira mtima ndi la Nthanda. Anawaphunzitsa ndi mnzawo wa kuntchito, wa kwanu komweko, a Conrad. Akuti malemu mayi awo a Conrad ankaitana choncho mwana wawo wobadwa m'bandakucha. Uyunso wabadwa kukucha, ndiye bambo ake anati palibenso dzina lina."

Christabel anamva ngati pansi patseguka. Anachita kulimbitsa manja kuti asagwetse mwana wa eni. Si ukwati wokha womwe unagwa pa nthawi imeneyo. Munthu uja anatenga amayi ake, anatenga misozi yomwe analira pomwera khofi paja, n'kukakometsera banja lake. Kodi munthu angabe mpaka dzina la kumanda?

Khandalo linayasamula, kenako linagwira chala chake. Linalibe mlandu, ndipo zimenezo n'zomwe zinapweteka koposa.

Pa masitepe panamveka mapazi ndi "odi" wa mwamuna. Amayi anakonza mipango yawo. Anali bambo wa mwana, atabwera kudzatenga khanda kuti akuluakulu a pamwamba alipempherere. Anatsika atavala mkanjo woyera, akumwetulira ngati munthu yemwe dziko lonse lamuyanja. Manitoba yake inali yomweyi.

Sufian ankaganiza kuti Brampton ndi Oshawa n'kutali, kuti tchalitchi ndi mzikiti sizikumana. Anaiwala kuti Toronto, pamodzi ndi matauni oizungulirawa, ndi yaikulu kwa eni ake okha. Kwa ife obwera ndi mudzi, ndipo beseni la samusa limalowa khomo lililonse. Mapanga awiri avumbwitsa.

Ataona yemwe wanyamula mwana wake, kumwetulira kuja kunauma pankhope pomwepo. Munthu wodziwa mawu a mitundu yonse anasowa ngakhale limodzi.

Christabel anaimirira pang'onopang'ono. Anapsompsona khandalo pamphumi, n'kulipereka m'manja mwa bambo ake mosamala.

"Tengani Nthanda wanu, a Sufian."

Yusra anayang'ana mwamuna wake, anayang'ananso mlendoyo. Mawu ake anatuluka otsika.

"Mukudziwana?"

Amayi onse anacheukira kumeneko. Mercy anaima ndi beseni m'manja, pakamwa pali yasa. Christabel anamumvera chisoni mtsikanayo, poti onse awiri anadya mbale imodzi osadziwa. Akanatha kunama n'kutuluka. Koma bodza la m'nyumba imeneyo linali litakwana kale.

"Pepani mama," anatero misozi ikutsika. "A Conrad muwanenawo ndine. Amene anamwalira ni amayi anga."

Sanadikire kuona zotsatira. Anakwera masitepe, anafufuza nsapato zake pa mulu uja, n'kutuluka osavala ndi jekete yomwe. Mercy anamuthamangira nayo.

Anakwera sitima yobwerera madzulo omwewo, mitambo itaphimba kumwamba konse. Mercy sanamuuze kuti "ndinkanena". Anangomukumbatira, n'kumusiya alire. Christabel anatulutsa foni n'kuimba ku Chipata. Inaitana, inaitananso, kenako inaduka yokha monga mwa masiku onse.

Asanaibweze m'thumba, inalira ndi uthenga.

"Nthanda wanga, chonde tandimvera. Ndinkafuna kukuuza. Iweyo ndimakukondadi."

Christabel anauwerenga kawiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti mtima wake wopusawo unadumphabe poona dzinalo. Anapukuta m'maso, n'kulemba yankho lake lomaliza kwa Sufian.

"Osaniitananso choncho. Dzina limenelo lili na mwini wake manje. Amayi anga ananisiyira chimodzi chabe, ndipo mwapatsa mwana wanu. Mukamuitana, muzinikumbukira."

Lolemba m'mawa anaimanso pa siteji ija, manja m'thumba, pakamwa potseka. Mitambo inali itachoka, ndipo nyenyezi ija inali pomwe paja pamwamba pa madenga. Christabel sanadzutse mutu. Padziko lonse panalibenso munthu womuitana Nthanda.